Tisanapatse mng'ono wathu foni ya homuweki

M'makomboni athu, kaya ni ku Mtendere, ku Kanyama kapena ku Chawama, mwana wa giledi 4 akabwela na homuweki, ambili timangomuponyela foni kuti asativute. Amalemba funso pa Google, yankho n'kubwela nthawi yomweyo, iye n'kukopela m'buku. Akatsiliza amathamangila pa TikTok mpaka bando ithe. Ise timati mwana waphunzila.

Cimene ciniopsa ni cizolowezi cimene cikukula mwa ana amenewa. Azolowela kuti funso lililonse liyenela kuyankhidwa msanga. Samu ikamuvuta kwa mphindi ziwili cabe, amataya pensulo n'kunena kuti ni yolimba. Nkhani ya masamba awili amaiona yaitali maningi, cifukwa maso anazolowela tumavidiyo tumene tumatha asanaphethile. Koma kuwelenga na masamu zimalowa m'mutu mwa kubwelezabweleza, kulakwitsa, kufufuta na kuyambanso.

Ena adzati intaneti imathandiza, ndipo n'zoona. Masukulu atatsekedwa mu 2020 cifukwa ca COVID-19, ana amene kwawo kunali foni, TV kapena wailesi anapitiliza kuphunzilako, anzawo ali cabe pa nyumba. Pa YouTube pali aphunzitsi amene amafotokoza bwino masamu. Mwana amene waonelela cifotokozo n'kuyesa yekha wapindula. Amene wakopela yankho wangodzaza buku.

Kucokela mu 2022, pamene boma linacotsa malipilo m'masukulu ake, makalasi ambili anadzala kwambili. Mphunzitsi wa ana oculuka conco sangafunse aliyense mmene anapezela yankho. Amaconga, mwana n'kusangalala. Zoona zake zimadzaonekela pa mayeso a ECZ, kumene foni siloledwa kulowa.

Conco nchito yatsalila ife akulu awo, cifukwa foni imene amasewenzetsa ni yathu. Mwana ayambe wayesa yekha na pensulo. Akalephela, fufuzani naye pamodzi, ndiyeno ikani foni m'thumba, mumuuze akufotokozeleni m'Cinyanja zimene wamvetsa. Akakangiwa kufotokoza, ndiye kuti sanaphunzile, bwelelani naye pa funso lija. Zimatenga mphindi zocepa kuposa zimene timataya pa Facebook tikaweluka.

Akulu anati m'mela ni poyamba. Mwana akazolowela ali giledi 4 kuthawa ciliconse covuta, ku sekondale adzathawanso. Madzulo ano akakupemphani foni, yambani mwamufunsa kuti akuonetseni pamene wayesela yekha.