Maulendo a aphunzitsi kunja: nanga mwana wa ku Congo wa mu Kanyama apindulapo ciani?

Masiku ano aphunzitsi a maiko osiyana-siyana amacezelana kuti aphunzitsane za kasamalidwe ka ana othawa nkhondo ndi ana a anthu osamukila m'dziko lina. Ku Ulaya, pulogilamu ya Erasmus+ imalipilila mphunzitsi wa ku Italy, mwacitsanzo, kuti akakhale masiku angapo kumbuyo kwa kalasi ku Sweden, n'kumaona mmene mnzake alandilila mwana amene sadziwa ngakhale liu limodzi la cilankhulo ca pasukulupo. Nkhani imeneyi inakula mu 2015 pamene anthu ambili a ku Syria analowa mu Ulaya, ndipo inakulilako mu 2022 nkhondo itabuka ku Ukraine.

Kuno kwathu kulandila othawa nkhondo si zacilendo. Mayukwayukwa inatsegulidwa mu 1966, Meheba mu 1971, ndipo Mantapala ku Nchelenge inabwela mu 2018 cifukwa ca anthu othawa ku Congo. Manje vuto n'lakuti nkhani ya maphunzilo a ana amenewa ikayamba, maso a onse amathamangila kumisasa imeneyi. Koma pitani mu Chawama, mu Kanyama kapena ku Mandevu. Amene mumagulako buledi ndi talk time pa kashopu ka pakona, kambili ni munthu wa ku Rwanda kapena ku Burundi. Ana ake, pamodzi ndi a anansi ake a ku Congo, ali pa sukulu ya boma yomweyo imene wanu apitako. Mphunzitsi wao alibe bungwe lililonse kumbuyo kwake. Ali cabe na coko m'manja ndi kalasi yodzala mpaka pakhomo, makamaka kucokela mu 2022 pamene sukulu inakhala yaulele.

Pamene zinthu zimaonongekela ni tsiku loyamba. Mwana wocokela ku Lubumbashi kapena ku Uvira anaphunzila m'Cifulenchi, kunyumba akamba Ciswahili. Mwina anafika caka cacisanu ca pulaimale, samu aidziwa bwino-bwino. Akafika kuno amufunsa mafunso m'Cizungu, iye duu. Ayesa Cinyanja, duu. Ba head alibe njila ina yodziwila zimene zili m'mutu mwake, conco amuika giledi yapansi, ati ayambe waphunzila cilankhulo. Mtsikana wa zaka 13 apezeka pa desiki imodzi ndi tuana twa zaka 8. Cinyanja ca mumseu adzacigwila msanga, ana sacedwa. Koma manyazi okhala "amai a kalasi" samatha msanga, ndipo mwana wotele ni amene mudzamupeza agulitsa pa msika caka cisanathe.

Apa m'pamene ulendo wa kunja ungakhale waphindu, ngati wopitayo adziwa cimene afuna. Ku Sweden, kucokela mu 2016, lamulo likamba kuti mwana wobwela kumene afunika kupimidwa zimene adziwa pasanapite miyezi iwili, ndipo zotulukapo ndiye zithandiza kusankha kalasi imene aloweko. Amamufunsa za sukulu imene anacokela, kuwelenga ndi samu, m'cilankhulo cimene iye amva bwino, womasulila ali pomwepo. Cimene amapima ni nzelu za mwana. Cisiwidishi adzaciphunzila m'tsogolo. Zinthu zambili za ku Sweden ise sitingazikwanitse, koma ici cifuna pepala la mafunso, ola limodzi ndi munthu wodziwa Ciswahili kapena Kinyarwanda. Mu Lusaka munthu wotelo simungamusowe, mwandi. Ali mu chechi, ali pa msika, mwina ni kholo la mwana wina pasukulu pomwepo.

Ku Germany anatsegula makalasi apadela olandilila alendo, ochedwa Willkommensklassen, mmene ana amayamba aphunzila Cijelemani asanasakanizidwe ndi anzao. Kumeneko komwe anthu akali kukangana ngati kupatula ana kumathandiza kapena kumawacedwetsa. Kwa ife mkangano umenewo ulibe nchito kweni-kweni, pakuti cipinda capadela tilibe.

Ine niona kuti ndeke yopita ku Entebbe ingatipindulitse kuposa yopita ku Berlin. Uganda ndiye dziko limene lisunga othawa nkhondo ambili mu Africa, opitilila 1.5 miliyoni, ndipo makalasi ao ni odzala monga athu. M'masukulu a kumisasa monga Bidibidi amagwilitsila nchito othandiza aphunzitsi ocokela pakati pa othawa nkhondo omwewo. Mphunzitsi akamba Cizungu, wothandiza amasulila ana m'cilankhulo cao. Alinso ndi makalasi ofulumiza a ana amene zaka zinawapitilila, kuti pulaimale aitsilize m'zaka zocepa m'malo mokhala ndi tuana. Rwanda nayo ili ndi cotiuza: mu 2008 inasiya Cifulenchi n'kutenga Cizungu m'masukulu, ndipo mu 2015 inalandila ana a ku Burundi amene anali kuphunzila m'Cifulenchi. Vuto la mwana wa mu Kanyama, iwo analiona kale pa ana masauzande.

Ndiye pali funso limene mu staff room amalikamba motsitsa mau: apita ndani? Tonse tidziwa mmene ma workshop amayendela. Pakamveka allowance, dzina limene limalembedwa ni la munthu wa mu ofesi amene anasiya coko zaka khumi zapitazo. Akabwela alemba lipoti, lipoti ilowa mu kabati. Phindu la kucezelana kumeneku lili pa kuona ndi maso mmene mnzako acitila mwana akangokhala duu, ndipo amene angaone zimenezo n'kuziyesa pa Mande ni mphunzitsi wa giledi 3 amene ali nao anawo. Amene alipilila maulendo otele afunika kufunsa sukulu ndi kalasi imene wopitayo aphunzitsa.

Pali cina cimene mphunzitsi sangacithetse ngakhale ayende maiko khumi. Malamulo athu afuna kuti wothawa nkhondo azikhala kumsasa, pokhapo ngati ali ndi cilolezo cokhala m'tauni. Kholo limene mapepala ake sali bwino limaopa ofesi iliyonse, ngakhale ya ba head. Silibwela ku miting'i ya PTA, silikamba kuti mwana anafika kalasi yanji kwao, nthawi zina limabisa ngakhale dziko limene anacokela. Mwana amene dziko lake labisidwa, mudzamuitanila womasulila wa cilankhulo citi? Imeneyi ni nchito ya ofesi ya Commissioner for Refugees pamodzi ndi Unduna wa Zamaphunzilo, kuti makolo adziwe kuti kulembetsa mwana sukulu sikudzawabweletsela a Immigration pakhomo.

Komanso si zonse zimene zifuna pasipoti. Mu 2019 UNESCO inasankha Zambia kuti iyesepo njila yozindikilila maphunzilo a othawa nkhondo amene anataya masatifiketi, ndipo anaiyesa ku Meheba. Aphunzitsi a ku Meheba ndi Mayukwayukwa akhala akuphunzitsa ana othawa nkhondo kwa zaka zoposa 50, kuphatikizapo a ku Angola, Congo, Rwanda ndi Burundi. Basi yopita ku Solwezi imanyamuka pa Intercity tsiku lililonse, ndipo mtengo wa tikiti imodzi ya ndeke yopita ku Stockholm ungatumize aphunzitsi angapo a mu Chawama kukakhala mlungu wathunthu m'makalasi a ku Meheba.