Mphepete mwa munda: maganizo pa Wi-Fi ya pakhomo



Sabata ino ndafuna kuti tilingalire za kanthu kakang'ono kamene kayamba kuoneka m'nyumba zingapo muno m'Bangwe, pamwamba pa kabati, pafupi ndi chithunzi cha Mtima Woyera ndi maluwa apulasitiki. Ndikunena kabokosi ka timagetsi tophethiraphethira kaja timati rauta, kamene kamamwaza Wi-Fi m'nyumba. Wina anganene kuti imeneyi ndi nkhani ya akatswiri a makompyuta, si ya pagulu la achinyamata a Katolika. Inenso ndinkaganiza chomwecho, kufikira pamene kabokosi kameneka kanatsala pang'ono kutidanitsa ndi anthu amene takhala nawo pa puloti imodzi kwa zaka 8.

Zinayamba bwino. Achemwali anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anatumiza ndalama kuti tigule rauta, n'cholinga choti amayi azicheza nawo pa WhatsApp akuonana nkhope, ndiponso kuti mng'ono wanga wa Folomu 4 azipeza zowerenga pokonzekera mayeso a MSCE. Ndinatsikira ku Limbe n'kukagula, ndipo SIM khadi yake tinailembetsa m'dzina la amayi ndi chiphaso chawo cha unzika, monga zakhalira kuyambira 2018. Pofika madzulo tinali titaika bandulo ya mwezi wathunthu. Inatha pa masiku 9.

Ndinapsa mtima, ndipo mwa chizolowezi chathu ndinathamangira kuloza chala kampani ya mafoni. Koma mnzanga wa m'kwaya, amene akuphunzira ku MUBAS, paja kale tinkati Polytechnic, anadzera kwathu Loweruka titaweruka kophunzira nyimbo. Anatembenuza rauta ija, nawerenga kapepala komatidwa kunsi kwake, nalemba manambala ena pa foni, ndipo tsamba loyendetsera rauta linatseguka. Pamenepo panali mndandanda wa zipangizo zonse zimene zinkamwa pa Wi-Fi yathu. Zinali 19. M'nyumba mwathu muli mafoni 5 okha. M'pamene ndinazindikira chifukwa chake anyamata a m'dera lathu anayamba mwadzidzidzi kukonda kutsamira mpanda wathu madzulo, chikhalirecho mpandawo ulibe mthunzi ndipo m'mbali mwake mumadutsa ngalande.

Palibe amene anathyola kanthu. Mng'ono wanga anavomera kuti anapatsa pasiwedi mnzake. “Mmodzi yekha, achimwene, ndithu mmodzi yekha.” Ndikumukhulupirira. Koma mafoni a masiku ano amatha kuonetsa pasiwedi ya Wi-Fi ngati kachithunzi ka mawangamawanga kaja amati QR, ndipo wina akangokajambula ndi foni yake, walowa basi. Mmodzi uja anali ndi mmodzi wakenso.

Ndisanafike pa chimene chandivutitsa mumtima, ndiloleni nditchule zimene ndinaphunzira tsiku limenelo, pakuti umbuli pa zinthu izi ukudya ndalama za makolo athu.

Rauta ili ndi makiyi awiri, ndipo ambiri timangodziwa mmodzi. Woyamba ndi pasiwedi imene timalemba pa foni kuti tilumikizike. Wachiwiri ndi wa tsamba loyendetsera lija, limene limatseguka munthu akalemba manambala onga 192.168.0.1, 192.168.1.1 kapena 192.168.8.1, malinga ndi mtundu wa rautayo. Marauta ambiri amachoka ku fakitale kiyi wachiwiriyu ali mawu odziwika kwa aliyense, kawirikawiri “admin”. Mukapanda kumusintha, mlendo aliyense amene mwamulola pa Wi-Fi angathe kulowa pamenepo, n'kusintha zonse, n'kukutsekerani kunja eni nyumba inu. Ndiye kiyi ameneyu ndiye woyamba kumusintha, tsiku lomwe mwagulalo.

Pa tsamba lomwelo mupeza posankha mtundu wa loko. Sankhani WPA2, amene anabwera mu 2004, kapena WPA3 wa mu 2018 ngati rauta yanu ili naye. Loko wakale wotchedwa WEP anadziwika kalekale kuti amathyoka m'mphindi zochepa. Pasiwedi imafunika zilembo zosachepera 8, koma italikitseni kuposa apo. Mawu anayi kapena asanu osagwirizana, olumikizidwa pamodzi, amakumbukika mosavuta koma ndi ovuta kuwalota. Lisakhale dzina la mwana wotsiriza m'nyumbamo, kapena la timu ya Bullets kaya Wanderers. Ndipo ife Akatolika tisamayese kuti dzina la woyera wa mphakati wathu ndi chinsinsi. Aneba onse amatimva tikuliimba Lachinayi lililonse. Kabatani kolembedwa WPS, kolowetsa foni popanda pasiwedi, ndi bwino kungokazimitsa.

Malo oika rauta nawonso ndi nkhani. Wi-Fi ndi mafunde a wailesi, ndipo makoma a njerwa, malata, ngakhale diramu lodzadza madzi, zimawafooketsa. Kuibisa m'kabati kapena kuseri kwa wailesi yakanema poopa akuba ndiko kuitsamwitsa. Ikhale pamalo okwera, poyera. Popeza marauta athu ambiri amakoka netiweki kuchokera ku nsanja ya mafoni, ndipo nyumba zathu zambiri zili m'malo otsetsereka m'munsi mwa phiri, yesani mawindo angapo muone pamene timizere ta netiweki tikudzadza. Ngati rauta yanu ikuonetsa mayina awiri, a 2.4 GHz ndi 5 GHz, dziwani kuti 5 GHz imathamanga koma sipita patali, pamene 2.4 GHz imayenda pang'onopang'ono koma imaboola makoma. Imeneyi ndiyo inkafika kumpanda kuja.

Chomaliza, foni ikangonunkhiza Wi-Fi imayesa kuti yafika pa ukwati pamene mpunga suwerengedwa. Imayamba yokha kukoka mapulogalamu atsopano ndi kutumiza zithunzi zonse kosungira. M'zochunira za foni muli poiuza kuti Wi-Fi imeneyi ndi yoyezedwa, pamalembedwa “metered”. Chitani zimenezi pa foni iliyonse ya m'nyumba, ndipo mudzadabwa kuona bandulo ikufika kumapeto a mwezi.

Tinachita zonsezi Loweruka lomwelo. Alendo 14 aja anagwera kunja nthawi imodzi, ndipo ndinagona wokhutira ngati mlonda amene wagwira mbala.

M'mawa mwake, popita ku Misa, mayi a khomo loyandikana nalo, amene amavala chitenje chimodzi ndi amayi anga m'bungwe la amayi a Katolika, anatidutsa osapereka moni. Pobwerera m'pamene ndinamva. Mmodzi mwa 14 aja anali mwana wawo wamkazi, amene akuchita maphunziro a uphunzitsi ali pakhomo, ndipo usiku umenewo ndiwo unali wotsiriza kutumiza ntchito yake ya kusukulu. Iyeyo sanabe pasiwedi. Anampatsa ndi amayi anga eni ake, atakopera pa kapepala kaja.

Amayi sanakweze mawu. Anangondifunsa kuti, “Kodi mwana wanga, chibadwire unamuonapo munthu akumana mnzake moto?” Inu amene munakulira m'makwalala a Namiyango kapena Ntopwa mukudziwa chimene ankatanthauza. Mbaula ikazima, mwana amatumidwa ndi chiphale kukapala moto kwa aneba, ndipo palibe amene amafunsa mtengo wake.

Ndakhala ndikulisinkhasinkha funso limeneli, ndipo ndikuona kuti amayi ananena zoona, koma osati zonse. Moto ukapalidwa suchepa. Wopereka amatsala ndi moto wake wathunthu. Bandulo siili choncho. Ili ngati ufa wa m'thumba: aliyense wotapa amachepetsa nsima ya ana a m'nyumbamo. Ndipo ufa umenewu unagulidwa ndi thukuta la achemwali anga amene amadzuka mbandakucha m'dziko la eni. Kusiya chitseko pululu kuti aliyense atape mmene wafunira, ine sindikutcha chifundo. Ndi kupatsa za mwini mosasamala.

Pano ndiyankhule nanu mosapsatira, achinyamata anzanga, pakuti ena mwa otsamira mipanda ndife tomwe, ndipo Lamulungu timavala yunifomu ya kwaya. Timati, “Aaa, imeneyo ndi mphepo chabe, ndatenga chiyani?” Koma chinthu sichileka kukhala cha mwini chifukwa choti sichioneka ndi maso. Ukagwiritsa ntchito pasiwedi imene mwini wake sanakupatse, n'kumaonera mpira kapena mavidiyo usiku wonse, pali mayi wina amene mawa lake alephera kulankhula ndi mwana wake. Lamulo lachisanu ndi chiwiri silinatchule za intaneti, koma silinatchulenso za njinga. Ndimadzifunsa kuti ndi angati mwa ife amene anayamba akumbukirapo zimenezi poyesa mtima wawo asanalowe kolapa. Palinso china. SIM khadi ija ili m'dzina la munthu. Dziko lathu lili ndi lamulo la mu 2016, la Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene mwa zina limaletsa kuzunza ndi kuopseza anthu pa intaneti. Wina akachita zoterezi kudzera pa rauta yathu, dzina loyamba kutulukira pofufuza ndi la amayi anga, amene sadziwa n'komwe potsegulira Facebook.

Komabe nanenso ndinalakwa, ndipo kulakwa kwanga ndiko kwandilembetsa. Ndinatseka chitseko osayamba ndayang'ana amene ali pakhomo. Ndinaona manambala 14, sindinaone nkhope.

Chimene chinandithandiza ndi lamulo lina lakale la m'buku la Levitiko, mutu 19. Aisraele analamulidwa kuti pokolola asamalize munda wonse mpaka m'mphepete, ndipo asabwerere kukatola zogwa, koma azisiyira osauka ndi alendo. Taonani nzeru yake. Mundawo ukadali ndi mwini wake, malire ake alipo, ndipo zokolola zambiri zikupita m'nkhokwe yake. Koma mphepete akuisiya dala, mochita kukonzekera, osati chifukwa choiwala kapena kugona. Ndipo m'buku la Rute timamva kuti mayi wachilendo uja, atafika m'munda wa Boazi, anayamba wapempha kwa kapitawo asanayambe kukunkha. Wopatsa anali ndi udindo wake, wolandira analinso ndi wake.

Ndinadabwa kupeza kuti rauta nayo ili ndi mphepete. Marauta ambiri ali ndi malo olembedwa “Guest”, potsegulira Wi-Fi yachiwiri ya alendo, yokhala ndi dzina lake ndi pasiwedi yakeyake. Olowera pamenepo amapeza intaneti koma kawirikawiri safika pa zipangizo za eni nyumba, ndipo pa marauta ena mungathe kuika malire a liwiro kapena a chiwerengero cha mafoni. Ngati yanu ilibe zimenezi, njira ilipobe: kusintha pasiwedi tsiku loika bandulo yatsopano, n'kuilemba nokha m'foni ya amene mwagwirizana naye.

Mpingo wathu suopa zipangizo zofalitsira mauthenga. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican unatulutsa chikalata cha Inter Mirifica pa 4 Disembala 1963, choyamikira luso lotere ngati chinthu chimene chingatumikire anthu ndi Uthenga Wabwino chikagwiritsidwa bwino. Mu Novembala 2001, Papa Yohane Paulo Wachiwiri, ali wokalamba ndi wodwala, anadina yekha kompyuta potumiza chikalata chake ku madayosizi a ku Oceania. Koma mu 2002, nthambi ya ku Vatican yoona zofalitsa mauthenga inachenjeza za phompho limene likukula pakati pa amene ali ndi intaneti ndi amene alibe. Tikamva mawu otere timaganiza za Ulaya ndi Africa. Kuno ku Bangwe phompho limenelo kukula kwake ndi khoma limodzi la njerwa, pakati pa mwana amene atumiza ntchito yake ya kusukulu ali pa mpando ndi mnzake amene ayenera kusankha pakati pa bandulo ndi ndiwo.

Ndisaiwale za m'nyumba mwenimweni, pakuti khomo limeneli silitulutsa chabe, limalowetsanso. Carlo Acutis, mnyamata wa ku Milan amene anamwalira mu 2006 ali ndi zaka 15, ndipo Papa Leo XIV anamulengeza kukhala woyera pa 7 Sepitembala 2025, ankadziwa makompyuta kuposa ambiri a ife. Anakonza tsamba la pa intaneti lofotokoza zozizwitsa za Ukaristia. Komatu pa masewera a pa kanema anadziikira malire a ola limodzi pa sabata. Kwathu tinagwirizana kuti rauta ikhale pabalaza, ndipo ikakwana nthawi ya kolona amayi amaizula pakhoma ndi dzanja lawo. Ndiulule kuti wodandaula kwambiri pa nthawi imeneyo si wa Folomu 4 uja, koma ine, mlembi wa gulu la achinyamata.

Lamulungu lotsatira, itatha Misa yachiwiri, mabanja atatu a pa puloti yathu tinakhala pakhonde. Ndinayamba ndi kupepesa kwa mayi aja ndi mwana wawo. Tinagwirizana kuti mtsikanayo alowe pa Wi-Fi ya alendo osalipira kalikonse kufikira atamaliza maphunziro ake, ndipo banja lina linadzipereka kumasonkhako pang'ono mwezi ndi mwezi. Mwa anyamata a pampanda aja, awiri anabwera kudzaodira pakhomo, wina akufuna kutumiza kalata yofunsira ntchito. Amayi anawapatsa mpando ndi tiyi. Enawo ndamva kuti apeza mpanda wina cha kumtunda.

Bambo a khomo lachitatu sanabwere pakhonde paja. Anatumiza mawu akuti mphepo ndi ya Mulungu, ndipo sanaonepo munthu akuigulitsa. Mpaka lero timapatsana moni wa pakamwa chabe. Lachinayi likubwerali mphakati wathu ukasonkhana kunyumba kwawo, ndipo amene wapatsidwa kuwerenga Mawu a Mulungu ndine.