Tiyambe ndi a Shemu Joyah, Rambo Adikire

Anzanga, akonzi a magazini yathu atilola kuti tizilemba za mafilimu m'kope lililonse. Tsono mkangano wabuka: tiyambe ndi yani? Ambiri akuti Rambo, poti mafilimu ake alipo asanu, kuyambira 1982 mpaka 2019.

Ine ndikukana. Pa holide, Bambo Rekitala andikhululukire, ndidaonera atatu m'kanyumba ka vidiyo ku Old Town, ku Lilongwe. Nditati ndilembe, mawu adali amodzimodzi: waombera, wapulumuka. Nanga m'kope lachinayi tidzalembanji?

Bwanji titsate wokonza mafilimu mmodzi wa kwathu konkuno, a Shemu Joyah? Mu Seasons of a Life, mtsikana wantchito apatsidwa mimba ndi bwana wake, pambuyo pake n'kukamenyera mwana wake kukhoti. Amene tidaonapo atsikana otere m'mipanda ya ku Area 10 ndi Area 43 sitingasowe cholemba. Tikatero tidzatenge The Last Fishing Boat ya 2012 ndi The Road to Sunrise ya 2017, tione m'mene luso lawo lakulira.

Enafe, Mulungu akalola, tidzakhala ansembe. Amene adzagogode pakhomo la parishi akulira ndi mtsikana uja, osati Rambo.