PHUNZIRO LA MZIKITI WA BODRUM

Mumzinda wa Istanbul, m'dziko la Turkey, alendo zikwi-zikwi athamangira kukaona Hagia Sophia, koma owerengeka okha ndiwo adziwa mzikiti waung'ono wa Bodrum, umene ubisika pakati pa masitolo ndi nyumba zosanja m'dera la Laleli. Mbiri yace iyenera kulingaliridwa ndi onse amene apatsidwa udindo wosunga zinthu zakale za mtundu.

Nyumbayi inamangidwa ndi njerwa ca m'ma 920 ndi Romanos Lekapenos, mfumu ya Byzantium, kuti ikhale calici ca pa nyumba yace yacifumu. Pambuyo pace mfumuyo inasandutsa malowo mokhala asisitere, pamalo pochedwa Myrelaion. Mkazi wace Theodora anaikidwa m'manda momwemo m'caka ca 922. Mfumu nayonso, itacotsedwa pampando ndi ana ace mu 944, nimwalira pa cisumbu mu 948, mtembo wace anabwera nao kudzauika komweko.

Mzindawo unagwa m'manja mwa Aturuki mu 1453, ndipo ca m'ma 1500 Mesih Pasha, nduna yaikuru ya Sultani, anasandutsa calicico mzikiti. Dzina lakuti Bodrum litanthauza cipinda ca pansi, pakuti nyumbayo iri pamwamba pa cipinda cotere. Kusintha kwa cipembedzo sikunagwetse makoma. Kunawapatsa eni atsopano owasesa ndi kuwafolera.

Tsoka linadza ndi moto, woyamba mu 1784, waciwiri mu 1911. Utazima waciwiriwo anthu anaisiya nyumbayo, nikhala bwinja zaka zoposa makumi asanu. Koma comvetsa cisoni kopambana cinacitika mu 1964 ndi 1965, pamene nchito yokonza inayambika: amisiri anacotsa njerwa zambiri zakale za kunja, naikamo zatsopano, kotero kuti mbali ya zimene moto unalekerera inatayika m'manja mwa ofuna kuthandiza. Nchitoyo inalekezedwa panjira, ndipo mzikiti unakonzedwanso mu 1986, nutsegulidwa kuti Asilamu azipempheramo.

Apa pali mfundo ziwiri zosafunika kuziiwala. Yoyamba ndi yakuti nyumba yakale isungika pokhapo iri ndi anthu oigwiritsa nchito. Zaka za umasiye ndizo zinaononga Bodrum, osati zaka za mapemphero. Yaciwiri ndi yakuti kukonza kopanda nzeru kulingana ndi kupasula. Kuthamanga si kufika. Njerwa ya zaka cikwi ikatayidwa, palibe ndalama ya Boma yokhoza kuibweza.

Cifukwa cace akuru a Boma osaina mapepala a nchito zotere ayenera kufunsa akatswiri mmisiri asanakhudze khoma. Aphunzitsi naonso aphunzitse ana kuti mbiri siikhala m'nyumba zazikuru zokha. Nyumba zochuka ziri nao owanenera ambiri. Zazing'ono ndizo zisowa mtetezi.