CHENJEZO: Jakisoni wochititsa dzanzi atha kupha

Makolo, achinyamata ndi nonse ofuna thandizo la msanga pa dzino lobooka, pa bala lofunika kusoka kapena pa mdulidwe: musalole munthu wosaphunzira zachipatala kubaya inu kapena mwana wanu jakisoni wochititsa dzanzi. Musagulenso mankhwala opaka ochititsa dzanzi pamsika kapena pa intaneti. Akapyola muyezo kapena akalowa mu mtsempha wa magazi, munthu amatha kumwalira m'mphindi zochepa.

Mwa mankhwala ochititsa dzanziwa, wodziwika kwambiri ndi lignocaine, ena amati lidocaine, amene Nils Löfgren anapanga ku Sweden mu 1943. M'manja mwa odziwa ndi mankhwala abwino zedi: ndi amene amachititsa kuti dzino lizulidwe inu muli maso osamva kanthu. Uthenga wa ululu umayenda m'minyewa chifukwa cha sodium wolowa m'timabowo ting'onoting'ono, ndipo lignocaine amatseka timabowoto. Ngozi yake ili pomwepo, pakuti ubongo ndi mtima zimadaliranso timabowo totere. Mankhwala akachuluka m'magazi, ubongo umasokonekera, kenako mtima umagunda mosalongosoka mpaka kuima. Bupivacaine, amene dzanzi lake limakhalitsa, ndiye woopsa kwambiri pa mtima.

Muyezo wake ndi wochepa kuposa momwe ambiri amaganizira. Botolo lolembedwa 2% lili ndi mamiligalamu 20 pa mililita imodzi. Mabuku ambiri a madokotala amati lignocaine wosasakaniza ndi adrenaline asapyole mamiligalamu 3 pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Ndiye kuti mwana wolemera makilogalamu 10 malire ake ndi mililita imodzi ndi theka, yosadzadza ngakhale theka la sipuni ya tiyi. Ndi chifukwa chake kuchipatala amayamba amuika mwana pa sikelo. Ndipo mukadzayang'anitsitsa dzanja la dokotala, mudzaona kuti akalowetsa singano amakoka kaye pang'ono asanathire mankhwala. Magazi akaoneka m'sirinji, amasuntha singano, chifukwa yalasa mtsempha. Wobayira anthu kuseri kwa golosale alibe sikelo, ndipo za kukokako mwina sanazimvepo.

Zizindikiro zimabwera msanga. Munthu amamva dzanzi pamilomo ndi palilime pomwe sanabayidwe pamenepo, m'kamwa mumamveka chitsulo, m'makutu mumalira, amachita chizungulire, mawu samveka bwino, minofu imanjenjemera yokha. Kenako amagwa, kuphupha ndi kukomoka. Mwana wamng'ono sanena zonsezi, amangofooka kapena kuchita linjirinjiri. Mukaona chimodzi mwa izi, wobayayo asiye pomwepo. Mugonekeni wodwalayo chammbali, musamulowetse sipuni m'kamwa, musam'mwetse madzi kapena mkaka, ndipo thamangani naye kuchipatala mutatenga botolo la mankhwalawo. Kumeneko ndi kumene kuli mpweya wa okosijeni ndi mankhwala oletsa kuphupha.

Opaka nawonso ambiri amawaderera, poti palibe singano. Mu 2007 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linachenjeza anthu atamwalira atsikana awiri, wa zaka 22 ndi wa zaka 25. Iwowa anapaka mankhwala otere miyendo yonse n'kukulunga ndi pulasitiki pokonzekera kuchotsa ubweya. Khungu lalikulu, lofunditsidwa kapena la zilonda limayamwa mankhwala ochuluka. Anyamata opopera mankhwala otere kumaliseche kuti azichedwa pogonana adziwe kuti nawonso akusewera ndi mankhwala omwewa.

Amayi, mwana akamamera mano musapake mankhwala ochititsa dzanzi m'nkhama zake, chifukwa amameza. FDA yomweyo inaletsa lignocaine wamadzi pa ana omera mano mu 2014, ndipo mu 2018 inati benzocaine asapakidwe m'kamwa mwa mwana wosakwana zaka 2. Benzocaine atha kulepheretsa magazi kunyamula okosijeni. Milomo, lilime ndi zikhadabo zimatuwa kapena kuchita bii, mwana n'kumabanika. Kusisita nkhama ndi chala chosamba bwino n'kokwanira.

Mwana akazulidwa dzino kuchipatala, muyang'anireni asadzilume mlomo kapena tsaya, ndipo phala lotentha lidikire mpaka dzanzi litatha. Ngati munadwalapo chiwindi kapena mtima, muli ndi pakati, kapena jakisoni wotere anakuvutanipo kale, muuzeni dokotala asanabaye.

Ku Malawi madokotala, kuphatikizapo a mano, amalembetsa ku Medical Council of Malawi, ndipo malo ogulitsira mankhwala amafunika chiphaso cha Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Funsani chiphaso cha wobayayo musanapereke mwana wanu. Mukadziwa wina amene akubaya anthu, kuzula mano kapena kudula ana alibe chilolezo, kamuneneni kwa amfumu, kupolisi kapena kuchipatala chaboma chomwe muli nacho pafupi lero lomwe.