Mnzako Akaika Zambiri, Werenga Kaye

Nandolo akagulitsidwa kuno ku Milange, njuga ya makadi imakula, ndipo pa tebulo pamasakanikirana ma metical ndi makwacha a anzathu odutsa pa Muloza. Chimene chimapweteka ambiri pa poker si makadi oipa ayi, koma kulephera kusiya mnzako akaponya ndalama zambiri. Tiwerenge. Pakati pali 1,000, mnzako waikapo 1,000 ina. Kuti upitirize ulipira 1,000 pofuna kutenga 2,000. Ndiye kuti uyenera kupambana kamodzi pa katatu kuti usaluze. Tsono ngati uli ndi makadi anayi a mtundu umodzi ndipo ukudikira lachisanu pa khadi lomaliza, amene angakupulumutse ndi 9 okha mwa 46 osaoneka, pafupifupi kamodzi pa kasanu. Ponya makadiwo pansi. "Koma ndaika kale zambiri!" Zimenezo si zakonso, achimwene, ndi za pa tebulo. Yang'ananso munthuyo: amene wakhala phee usiku wonse n'kudzidzimukira kukankha ndalama zonse kawirikawiri sakunamiza. Wokonda kuopseza yekha ndiye ungamutsatire, bola si ndalama ya feteleza.