CHIFUKWA CHIMENE NDINAKANIRA GITALA YA PA OKUSHONI



Pa bwalo la akulu a mpingo sabata yathayi, achinyamata athu a kwaya anapempha kuti titenge ndalama za masika, tizitumize kwa mbale wathu wa ku Britain, kuti akatipikisanire gitala yamagetsi yakale ya Fender pa okushoni ya pa eBay. Ine ndinakana. Tsopano ndikumva kuti mkulu uja amadana ndi magitala m'tchalitchi, choncho ndalemba kuti mumve kuchokera kwa mwini wakene.

Gitala sindidana nayo. Davide ankaimba zeze pamaso pa Sauli, ndipo mfumuyo inkapeza mpumulo (1 Samueli 16). Chimene ndikutsutsa ndi msika umene mukufuna kulowamo ndi chopereka cha Mulungu.

Mu 1954 Leo Fender anatulutsa gitala ya Stratocaster ku California ngati chida cha ntchito cha oimba wamba. Mu 1965 anagulitsa kampani yake kwa CBS, ndipo osonkhanitsa zinthu zakale anayamba kukweza mitengo ya magitala opangidwa chaka chimenecho chisanafike. Mu 2019, ku New York, Stratocaster yakuda ya David Gilmour inagulidwa pa okushoni ya Christie's pa madola 3,975,000. Kodi pamenepo anthu ankagula nyimbo? Ankagula dzina, ndipo dzina ndi limene limakoka mitengo ya magitala ena onse akale, ngakhale otopa.

Ambiri a inu mukuidziwa okushoni ya fodya ku Kanengo. Kumeneko wogula amaima pa belo, amagwira tsamba, amalinunkhiza, kenaka n'kutchula mtengo. Pa intaneti mumaona zithunzi zimene wogulitsa wasankha yekha. Alipo akathyali amene amamata chizindikiro cha Fender pa gitala wamba, ena amakanda utoto dala kuti ioneke yokalamba, ena amalumikiza khosi la gitala ina ku thupi la ina. Alipo amene amatuma mnzawo kuti azikweza mtengo mwachinyengo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiye pali wotchi. Okushoni yotere imatsekedwa pa mphindi yoikika, ndipo ochenjera amadikira masekondi omaliza kuti aponye mtengo wawo. Munthu amene anati sadzapitirira ndalama zakutizakuti amapezeka wawonjezera kachiwiri, kachitatu, chifukwa chakuti mlendo wina wosamudziwa wamupitirira. Pofika pamenepo gitala yaiwalika, chatsala ndi kusafuna kugonja. Lamulo lakhumi limatcha mtima umenewu kusirira (Eksodo 20:17), ndipo sindidzavomera kuti ukhale msungichuma wa mpingo.

Zaka zonse zimene ndinagwira ntchito m'boma, sitinkagula ngakhale mpando popanda makoteshoni atatu, ndipo katundu ankaonedwa kaye ndalama isanatuluke. Ngati ndalama za msonkho tinkazisamala motero, nanga za mayi wamasiye amene anabweretsa thumba lake la chimanga pa masika? Wonjezeranipo mtengo wotumizira, msonkho wa pachipata, ndi kusowa kwa ndalama zakunja kumene tonse tikukudziwa. Gitala ya zaka 50 ikafika waya wa m'kati atatha, adzaikonza ndani kuno? Ikafika yabodza, tidzakadandaula kwa yani?

Ana anga a kwaya, luso lanu ndimalinyadira, ndipo ndikudziwa kuti gitala imene muli nayo yakhota khosi ndipo imakuchititsani manyazi. Pempho langa ku bwalo ndi ili: tisankhe anthu atatu, mmodzi akhale woimba gitala wanuyo, apite m'masitolo a m'tauni, akaigwire, akaiyese pa ampu, abwere ndi mitengo yolembedwa. Tigule yatsopano, yokhala ndi lisiti, pamodzi ndi mawaya apadera. Zotsala zipite ku malata a nyumba ya abusa, amene akudontha.

Amene sakugwirizana nane asanong'onere kuseri kwa tchalitchi. Abwere Loweruka ku bwalo, tidzakambirane pamaso pa onse, ndipo ngati ndalakwitsa ndidzavomera.

Ambuye akudalitseni nonse. Amen.